Nkhomaliro yotsika mtengo ku Japan: gyudon, soba, teishoku kapena bento?

M'maofesi ambiri a ku Japan nthawi yopuma masana ndi ola limodzi lokha, kuyambira 12 koloko mpaka 1 koloko, ndipo popeza anthu amatuluka onse nthawi imodzi, misewu ya m'madera a ntchito monga Shimbashi ndi Kanda mumzinda wa Tokyo, kapena Umeda mumzinda wa Osaka, imangoti thithithi ndi anthu ofuna kudya msanga n'kubwerera ku ntchito nthawi isanakwane. Anthu a kwathu amene amapita m'dzikolo kukaphunzira mothandizidwa ndi boma la Japan, kapena kukachita maphunziro a miyezi yochepa kudzera ku bungwe la JICA, amapezeka m'chigulu chomwechi, ndipo ambiri amafika ali ndi mantha akuti chakudya cha kumeneko n'chodula zedi. Manthawa alibe maziko enieni pa nkhani ya nkhomaliro, chifukwa masana ndi nthawi imene malo odyera amatsitsa mitengo polimbirana makasitomala. Vuto lenileni lili pa kusankha, pakuti chakudya chotsika mtengo kwambiri si chimene thupi lingachipirire Lolemba mpaka Lachisanu, mwezi ndi mwezi.

Kwa zaka zambiri muyezo wa nkhomaliro yotchipa unali ndalama imodzi yachitsulo ya mayeni 500. Kuchokera mu 2022 mitengo yakhala ikukwera, ndipo mu 2025 thumba la mpunga la makilogalamu 5 linapitirira mayeni 4,000 m'masitolo, zomwe zinakhudza pafupifupi mbale iliyonse yogulitsidwa masana. Choncho mitengo imene ndikutchula pano ndi yongoyerekeza, yothandiza kuona kusiyana kwa njira ina ndi inzake. Masamu ake ndi osavuta: pa masiku 20 a ntchito, wodya za mayeni 500 amawononga mayeni 10,000 pamwezi, pamene wodya za mayeni 1,000 amawononga 20,000. Kwa wophunzira wa digiri yachiwiri amene amalandira pafupifupi mayeni 144,000 pamwezi kuchokera ku unduna wa zamaphunziro wa dzikolo, n'kulipirapo nyumba, magetsi ndi sitima, kusiyana kumeneku si kochepa, koma sikokwanira kumuchititsa munthu kudzimana zamasamba chaka chathunthu.

Njira yoyamba imene aliyense amakumana nayo ndi gyudon, womwe ndi mpunga wotentha m'mbale yakuya, pamwamba pake ataikapo nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala yophikidwa ndi anyezi mumsuzi wa soya wotsekemerako. Makampani atatu ndiwo agwira msikawu. Yoshinoya ndi wakale kuposa onse, popeza anayamba mu 1899 pa msika wa nsomba wa Nihonbashi, kudyetsa anthu ogwira ntchito pamsikapo amene analibe nthawi yokhala pansi, ndipo anasamukira ku Tsukiji msikawo utasamuka chifukwa cha chivomezi cha mu 1923. Sukiya anayamba mu 1982 ku Yokohama koma lero ndiye ali ndi nthambi zambiri, pafupifupi 2,000, pamene Matsuya amadziwika ndi kupereka msuzi wa miso, wopangidwa ndi soya wosasitsa, kwaulere kwa wodyera pompo. Mbale wamba, yotchedwa nami, imagwera pafupi ndi mayeni 500, ndipo imafika pamaso panu musanamalize n'komwe kumwa madzi amene akupatsani. Wanjala kwambiri amapempha omori, kutanthauza mbale yaikulu, wokonda msuzi wambiri amati tsuyudaku, ndipo jinja wofiira wa mumtsuko wa pa kauntala ndi waulere.

Kukondedwa kwa chakudyachi kunaonekera mu February 2004, pamene Yoshinoya anasiya kugulitsa gyudon chifukwa boma linali litaletsa nyama ya ng'ombe yochokera ku America kaamba ka matenda a misala ya ng'ombe; kampaniyo inayamba kugulitsa mbale ya nkhumba m'malo mwake, ndipo gyudon atabwereranso mu 2006 anthu anandanda pamizere italiitali. Pa liwiro ndi pa mtengo n'zochepa zimene zimaposa gyudon. Koma muyang'anitsitse m'mbalemo: muli mpunga wambiri, nyama yamafuta, ndi anyezi ochepa, basi. Zamasamba mulibe, pokhapokha muwonjezere ndalama pa kambale ka saladi ndi msuzi, ndipo mukatero mtengo umakwera kufika cha m'ma 700, pomwe njira zina zimayamba kupikisana naye. Ndimamuona gyudon ngati chakudya cha tsiku la phuma, la msonkhano wa 1 koloko kapena la kumapeto kwa mwezi.

Pafupi ndi iye pa mtengo pali soba ndi udon za m'masiteshoni a sitima, zimene nthawi zambiri zimadyedwa choimirira. Soba ndi ma noodles opyapyala otuwa opangidwa ndi ufa wa mbewu ya buckwheat, pamene udon ndi onenepa, oyera, a ufa watirigu. M'malo ngati Fuji Soba kapena Komoro Soba mu Tokyo, mumayamba ndi makina a matikiti amene ali pakhomo: mumaponyamo ndalama kapena kugunditsapo khadi la sitima ngati makinawo amalandira, n'kudina batani la chakudya, ndipo kapepala kamagwa pansi pake. Kapepalako mumakaika pa kauntala n'kunena liwu limodzi lokha, soba kapena udon. Wophika amaviika ma noodles m'madzi owira kwa kanthawi, amawakutumula kawiri katatu m'kasefa, amathira msuzi wotentha, amasanjikapo kakiage, chomwe ndi chitumbuwa cha anyezi ndi karoti, n'kukukankhirani mbale. Zonsezi sizitenga mphindi zitatu, ndipo mtengo wake umakhala pakati pa mayeni 400 ndi 600. M'nyengo yozizira ya January, munthu atazizidwa podikira sitima, mbale imeneyi imabwezera moyo m'thupi. M'chilimwe cha August, chotentha ndi chachinyontho, soba wozizira woviika mumsuzi ndiye amalowa bwino. Msuzi wa ku Tokyo ndi wakuda ndi wamchere kwambiri, wa ku Osaka ndi woyererako, ndipo anthu a mizinda iwiriyi sagwirizana kuti wokoma ndi uti.

Mlandu wa soba ndi woti sakhalitsa m'mimba. Munthu amene anakula akudya chakudya cholemera masana amamva njala pofika 3 koloko, n'kupezeka akugula buledi wotsekemera m'sitolo, ndipo ndalama imene anapulumutsa imathera pamenepo. Komanso pali anthu amene thupi lawo limadana koopsa ndi buckwheat, ndipo otere asadalire udon wa m'malo amenewa, chifukwa kawirikawiri zonse ziwiri zimawiritsidwa mumphika umodzi. Udon wa m'malo odzitengera wekha, monga Marugame Seimen ndi Hanamaru Udon, omwe onse anayamba mu 2000 ndipo amatsatira kaphikidwe ka chigawo cha Kagawa, amakhutitsako bwino. Mumatenga thireyi, mumaitanitsa mbale ya udon, mumayenda m'mbali mwa kauntala mukudzipanira tempura, zomwe ndi masamba kapena nsomba zoviika mu ufa n'kukazinga, ndi mipira ya mpunga imene mwaikonda, n'kulipira kumapeto. Msampha wake uli pa tempura yomweyo, pakuti chidutswa chilichonse chimaoneka chotchipa pachokha, koma zitatu zimawirikiza mtengo wa mbale. Ku nthambi zambiri za Marugame Seimen, pa 1 mwezi uliwonse udon wa kamaage, wobwera m'madzi otentha amene waphikidwamo, amagulitsidwa pa theka la mtengo, ndipo mzere wa tsikulo umakhala wautali.

Tsopano tifike pa teishoku, chimene ndikuchiona kuti ndicho chiyenera kukhala msana wa sabata ya munthu wodya kunja. Teishoku si dzina la ndiwo inayake koma la kakonzedwe ka chakudya: pa thireyi imodzi pamabwera mbale ya mpunga, kambale ka msuzi wa miso, ndiwo yaikulu, masamba oviika mumchere, ndipo kawirikawiri kambale kena ka tofu, chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya, kapena masamba owiritsa. Munthu wozolowera nsima yokhala ndi ndiwo yankhuli mbali ina ndi masamba mbali ina amazindikira msanga nzeru ya thireyi imeneyi, chifukwa mpunga umayima pakati ndipo zina zonse zimabwera kudzauperekeza. Ndiwo zofala ndi saba shioyaki, nsomba yamafuta ya m'nyanja yamchere yowotcha ndi mchere mpaka khungu lake litachita matuza ofiirira, imene imabwera ndi kamulu ka daikon (radishi woyera wamkulu) wopala kochepetsa mafuta m'kamwa. Karaage, nkhuku yokazinga yodyera limodzi ndi kabichi wodula bwino. Shogayaki, nkhumba yokazinga ndi jinja. Ndi tonkatsu, nkhumba yokutira ndi nyenyeswa za buledi. Mtengo umayambira cha m'ma 800 mpaka 1,200.

Teishoku amapezeka m'malo a mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kwa mlendo. Makampani a nthambi zambiri, monga Yayoiken ndi Ootoya, ali ndi zithunzi za chakudya chilichonse, ndipo makina kapena matabuleti awo nthawi zambiri amatha kusinthidwa kuti alembe Chingerezi. Ku Yayoiken wogula teishoku amaonjezera mpunga mwaulere kangapo konse kamene akufuna, chinthu chimene wophunzira wanjala sayenera kuchipeputsa. Ootoya, amene anayambira ku Ikebukuro mu 1958, ndi wodulirako, koma amaika zamasamba zambiri, ndipo nkhuku yake yophika ndi masamba mumsuzi wa viniga wakuda ndi imodzi mwa mbale zabwino kwambiri pa mtengo umenewu. Mtundu wachiwiri ndi timalesitilanti ta mabanja ta m'tinjira ta kuseri, ndi malo omwera mowa a izakaya amene masana amatsegula kuti agulitse nkhomaliro. Pakhomo pamakhala bolodi lolembedwa ndi dzanja, lolengeza higawari, ndiwo ya tsikulo, yomwe imasintha tsiku ndi tsiku ndipo ndiyo imakhala yotsika mtengo kuposa zina zonse. Amene sadziwa kuwerenga Chijapani angathe kungonena liwu limeneli, n'kulandira chimene anthu a m'deralo akudya. Ambiri mwa malo amenewa amalandira ndalama zapamanja zokha, ndipo pa nthawi yodzaza akhoza kukukhazikani patebulo limodzi ndi anthu osawadziwa, chimene kumeneko si chachilendo.

Ndikulimbikira pa teishoku chifukwa ndi njira yokhayo pa zonsezi imene imasintha yokha popanda munthu kuvutika kuganiza. Lero nsomba, mawa nkhuku, mkuja tofu ndi masamba, ndipo thupi limalandira zosiyanasiyana pa mtengo umene suposa wa gyudon wokhala ndi saladi ndi ndalama yoposa mayeni 400 kapena 500. Choipa chake n'chakuti amafuna nthawi, mphindi 30 kapena kuposerapo mukaphatikiza kudikira, komanso mchere wake si wochepa, popeza msuzi wa miso, masamba oviika ndi nsomba zonse zili nawo. Ndikanati ndilangize munthu wofika kumene, ndikanamuuza kuti adye teishoku masiku atatu pa sabata, ndipo masiku awiri otsalawo awagawire njira zotchipa malinga ndi phuma lake, m'malo mochita mosemphanitsa monga amachitira ambiri.

Za curry ndi ramen sindichulutsa mawu, ngakhale kuti ndizo alendo amazidziwa kwambiri. Curry wa ku Japan ndi msuzi wokhuthala, wofiirira, wosawawa kwenikweni, umene unalowa m'dzikolo kudzera mwa Angerezi m'zaka za m'ma 1800, ndipo ubwino wake woyamba kwa wofika kumene ndi woti amadyedwa ndi supuni. Ku CoCo Ichibanya, kampani imene inayamba mu 1978 pafupi ndi Nagoya, mbale wamba imabwera ndi magalamu 300 a mpunga, ndipo wogula amasankha yekha kuwawa kwa tsabola ndi zoikapo pamwamba. Amakhutitsa ndithu, mwina mopitirira, moti ntchito ya masana imayenda mwaulesi, ndipo mukangoikapo nyama yokazinga ndi masamba mtengo umadutsa mayeni 1,000. Ramen, ma noodles atirigu odyedwa mumsuzi wotentha, nayenso wasiya kukhala chakudya cha amphawi, pakuti m'malo otchuka mbale imayandikira kapena kupitirira mayeni 1,000, ndipo mzere wake ukhoza kudya theka la nthawi yopuma. Kampani ya Hidakaya ndi imodzi mwa zochepa zimene zikugulitsabe ramen motchipa mu Tokyo ndi madera ozungulira. Mbale imodzi ya ramen, mukamwa msuzi wonse, imatha kukhala ndi mchere wofika kapena woposa magalamu 5 amene bungwe la WHO limati munthu asapitirire pa tsiku lonse, ndipo amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi azisiya msuziwo m'mbale.

Sushi ndi tizidutswa ta mpunga tokhala ndi nsomba pamwamba, ndipo wa pa lamba woyenda, kaitenzushi, anayambitsidwa ndi Yoshiaki Shiraishi ku Higashiosaka mu 1958, ndipo lero makampani ngati Sushiro, Kura Sushi ndi Hama Sushi ndiwo amadyetsa mabanja ambiri. Kambale ka tizidutswa tiwiri kankagulidwa mayeni 100 kwa nthawi yaitali, mpaka Sushiro anasiya mtengo umenewo mu October 2022, ndipo pano timbale totchipa timayambira pamwamba pang'ono pa 100. Pakati pa sabata masana malo amenewa sadzaza ngati Loweruka ndi Lamlungu, tiyi wobiriwira ndi waulere, ndipo woopa nsomba yaiwisi amapeza dzira, nsomba yowotcha ndi zina zophika. Koma ndi njira yokhayo imene mtengo wake sudziwika mpaka mutamaliza kudya, ndipo munthu wamkulu sakhuta ndi timbale tosakwana 8 kapena 10. Ku Kura Sushi timbale timaponyedwa m'kabowo ka patebulo, ndipo pa timbale tisanu tilitonse pamabwera kamasewera pa sikirini kopatsa mwayi wa kamphatso, nzeru yabwino yochititsa munthu amene wadya timbale 9 kuitanitsa ka 10. Iyi ndi nkhomaliro ya Lachisanu la malipiro.

Pali anthu ambiri amene salowa m'malo odyera n'komwe, koma amagula bento, chakudya cha m'kabokosi, m'masitolo ang'onoang'ono otchedwa konbini a 7-Eleven, FamilyMart ndi Lawson, omwe pamodzi ndi anzawo alipo oposa 55,000 m'dziko lonse ndipo ambiri satseka usiku. Wogulitsa amafunsa ngati akutenthetsereni chakudyacho, amakupatsani timitengo todyera, ndipo mphindi zisanu zisanathe muli pa desiki panu. Boma limathandizirako njira imeneyi, chifukwa mu October 2019 linaika msonkho wa 8 peresenti pa chakudya chonyamula ndi 10 peresenti pa chodyera pompo. Komabe konbini si wotchipa monga amaonekera: bento, kasaladi ndi botolo la tiyi zikaphatikizana zimafika pa mtengo wa teishoku wa higawari, chikhalirecho munthu wadyera m'pulasitiki, ali yekha, maso ali pa kompyuta. Bento wa m'masupamaketi ndi wotsikirapo mtengo, ndipo wa ku Hotto Motto amaphikidwa mutaitanitsa, choncho amafika m'manja ali wotentha. Kumene konbini amapambana ndi pa onigiri, mpira wa mpunga wokutira ndere zouma za m'nyanja, wokhala ndi nsomba kapena zina pakati, umene umatseka njala ya madzulo pa mayeni osakwana 200 kapena pamenepo.

Wophunzira ali ndi mwayi umene wa mu ofesi alibe, ndiwo kantini ya payunivesite, gakushoku. M'mayunivesite ambiri kantinizi zimayendetsedwa ndi kopaletivi ya ophunzira ndi aphunzitsi, ndipo munthu amadzisankhira mpunga wa saizi imene akufuna, msuzi, ndiwo ndi timbale ta masamba, n'kupanga teishoku yakeyake pa mtengo woyandikana ndi wa gyudon. Lisiti la m'makantini a kopaletivi limasonyezanso mphamvu ndi magulu a zakudya zimene mwatenga. Amene ali ndi kantini yotere pafupi asavutike kufunafuna kwina pakati pa sabata, ndipo mayunivesite akuluakulu angapo amaphikanso chakudya cha halal.

Nkhani ya halal ikutifikitsa pa chinthu chimene chingasinthe kuyerekeza konseku kwa abale athu Achisilamu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist. Nkhumba ili paliponse m'chakudya chotchipa cha ku Japan, ndipo nthawi zambiri imabisala. Msuzi wa ramen wambiri umaphikidwa ndi mafupa a nkhumba, ngakhale umene ukuoneka woyera. Msuzi wamba wa curry ku CoCo Ichibanya ndi wa nkhumba, ngakhale kuti aliponso wa ng'ombe ndi wina wopanda chanyama chilichonse. Ndipo m'malo a gyudon ndi teishoku akakufunsani ngati mukufuna kusintha msuzi wa miso kuti ukhale tonjiru, dziwani kuti umenewo ndi wa nkhumba. Chilembo choyenera kuchiloweza pamtima ndi 豚, ndipo makampani akuluakulu amaika pa intaneti ndandanda ya zimene zili m'chakudya chilichonse, momwe nkhumba imalembedwanso. Msuzi wa soba ndi udon umapangidwa ndi nsomba youma ya katsuo ndi ndere za kombu, choncho pa nkhumba ulibe mlandu, koma mu kakiage nthawi zina mumakhala ma prawns ang'onoang'ono amene Adventist sadya. Kwa Msilamu wosamala kwambiri palinso mirin ndi sake, zomwe ndi mowa wa mpunga wothira mumsuzi wa gyudon, wa soba ndi ndiwo zambiri zophika, ndipo nyama ya m'malo amenewa si yozinga mwa Chisilamu. Pa zifukwa zimenezi nsomba yowotcha ndi mchere wokha, ya mu teishoku, ndiyo mbale imene magulu onse awiri angaikhulupirire kuposa zina, malinga afunse za timbale tapambali.

Njira iliyonse imene mungasankhe, nthawi yofikira imasintha zambiri. Mitengo ya nkhomaliro m'malo ambiri imayamba 11 koloko kapena 11:30 n'kutha 2 kapena 3 koloko, choncho amene ntchito yake imamulola kutuluka 11:30 kapena kudikira mpaka 1 koloko itadutsa amapeza mpando popanda mzere, ngakhale kuti wochedwa akhoza kupeza higawari atatha. Madzi kapena tiyi amabwera mwaulere, ndalama ya zikomo siperekedwa ndipo mukaisiya patebulo akuthamangirani nayo kunja, ndipo m'malo a kauntala wodya akamaliza amanyamuka kuti mnzake akhale, chifukwa kutsika kwa mitengoyi kumadalira kuti mpando umodzi udyetse anthu angapo pa ola limodzilo. M'malo a soba, a udon ndi m'kantini, thireyi imabwezedwa pa shelefu yake musanatuluke, ndipo mawu oti gochisosama deshita, othokoza amene waphika, amanenedwa ngakhale pa mbale ya mayeni 400. M'thumba muzikhala ndalama zachitsulo ndi za pepala za 1,000, pakuti makina ena akale a matikiti salandira ndalama zazikulu, ndipo ena anachedwa kusinthidwa kuti azilandira ndalama zatsopano za pepala zimene zinatuluka mu July 2024.